Timachaka pa Msana wa Kalsau

"Ndikufunsa za njoka, Renzo. Njokayo ili kuti?"

"Ndati yathawa. Ndinene kangati? Kapena ndikaiitane idzakhale pampando ipereke umboni?"

Coralie sanaseke. Anaika kapu patebulo, pakati pa iye ndi mwamuna wake. M'kapumo munalibe tiyi. Munali timachaka, timipira ta mtovu ting'onoting'ono ngati njere za mawere, tomwe anali atangozula pamsana pa Kalsau, wantchito wa pamunda wawo, ndi kachitsulo kake kozulira nsidze. Ntchitoyo anaigwira maola awiri pakhonde la shedi yopakiramo nthochi, Kalsau atagona chafufumimba pamatumba, ataluma chipewa. Tinatuluka makumi atatu ndi tiwiri. Tina tinakana.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pamunda uno, sindinakuonepo utaphonya njoka," anatero Coralie. "Umanena wekha kuti kamfuti kako ka m'manjako, volovolo yakoyo, ukaikamo zipolopolo za mbalame mutu wa njoka umasanduka phala. Ukapha umaipachika pawaya kuti odutsa aone. Lero lokha ndiye yathawa?"

"Inali pansi pa makatoni, kuseri kwa chidendene chake. Ndikanachedwa pang'ono bwenzi pano tikukamba za bokosi lopita kwawo ku Vanuatu. Ndawombera pansi, timachaka tadumpha pasimenti n'kumupeza. Basi! M'malo mondithokoza ukundizenga mlandu m'nyumba mwanga momwe."

"Ndiye tiye naye kuchipatala. Tina tatsalira mkati."

"Wapenga kodi? Akangoona bala la mfuti amaimbira apolisi. Chiphaso changa cha mfuti chapita. A boma abwera, atilanda anyamata onse asanu ndi anayi, pakati pa nyengo yodula. Mikoko ya nthochiyo udzasenza ndiwe?"

Amayi ake a Renzo, a Assunta, anali chiimire pafupi ndi zenera akukanda ufa. Nthawi yonseyi anakhala ngati sakumva, koma manja awo anali atasiya kukanda kalekale.

"Mwana wanga," anatero osatembenuka, "wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Pamunda mfuti imalira, zikwanje zimacheka anthu, moyo umapitirira. Mupake uchi ndi mchere. Khungu la anthu amenewa ndi lolimba, si ngati lathuli."

"Mama, khungulo ndaligwira ndi manja angawa. Limatuluka magazi ngati lanu lomwe."

Renzo anatambasula dzanja kuti atenge kapu ija. Coralie anamuyambirira, n'kuiika pamwamba pa kabati, kuseri kwa mbale za alendo.

Antchito aja ankagona m'nyumba ya malata kuseri kwa shedi. Onse anali ochokera pachilumba cha Efate ku Vanuatu, ndipo wamkulu wawo anali Kalsau, bambo wa ana anayi, mkulu wa mpingo wa Sabata. Anali munthu wosenza mkoko wolemera ngati mnzake osabuula ngakhale kamodzi. M'mawa uliwonse, anzake akapita kumunda, Coralie ankabwera ndi beseni la madzi otentha kudzatsuka mabala.

Lachiwiri anafunsa, akufinya thonje.

"A Kalsau, njoka ija inali yamtundu wanji?"

"Yaitali, adona."

"Yofiirira? Yakuda?"

"Inali kumbuyo kwanga, adona. Kumbuyo kulibe maso."

"Nanga mwadziwa bwanji kuti inali yaitali?"

Kalsau anaseka, kusekako n'kumupweteka. "Njoka zonse za kuno n'zazitali. Zakwathu n'zaulesi, ana amachita kuseweretsa."

Coralie anapitiriza kutsuka, koma maso ake ankawerenga msanawo ngati kalata. Timabala tinayambira paphewa lamanzere, kutsikira m'nthiti, kuzungulira m'chiuno, n'kukweranso mbali inayo mpaka m'khosi. Pakati penipeni pa msana panali malo osalala, aakulu ngati mbale, opanda kabala ndi kamodzi komwe. Anayang'ana miyendo. Kalsau anali atavala kabudula yemweyo wa tsiku lija, ndipo miyendo yake, kuyambira m'mawondo kufika kuzidendene, inalibe ngakhale pokandika.

"Linali Loweruka," anatero pang'onopang'ono. "Inu Loweruka simugwira ngakhale tsache. Kushedi munkafunako chiyani?"

"Bwana anandiitana."

"Kuti mudzatani?"

"Za nyengo. Wailesi inati kukubwera namondwe." Anabwezera nkhope pamtsamiro. "Adona, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Yatitsalira miyezi iwiri. Tisiyeni tikamuke bwinobwino."

Coralie sanali munthu wothamangira kuweruza. Ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, komanso kuti mtima ukangoyamba kukayika ngakhale kutsokomola kwa munthu kumamveka ngati bodza. Renzo anali wamkamwa, inde, wochedwa kupepesa, koma ndi yemweyo amene anagona pampando wa chipatala sabata yathunthu pamene Coralie anachitidwa opaleshoni. Munthu wotero angaloze mnzake mfuti? Anadziuza kuti ayi. Anadziuza choncho kangapo patsiku.

Koma zinthu zinkangomugwira mwendo. Namondwe uja anakhota n'kukathera m'nyanja, ndipo palibe amene anamutchulanso. Lachisanu Renzo anabwera kuchokera kutauni ndi katoni ya nkhuku, n'kukaitula kunyumba ya malata. Chiyambire, antchito anali asanalawepo ngakhale mutu wa nkhuku wochokera kwa iye. Nawo antchitowo, omwe kale ankaimba nyimbo za kutchalitchi potsuka nthochi m'thanki, tsopano Renzo akalowa mushedi ankangoti zii, ndipo Coralie anaona kuti palibe amene ankamufulatira. Wina akafuna kutuluka ankayenda chammbali ngati nkhanu.

Pa chakudya chamasana cha Lamulungu, Renzo anaika foloko pansi.

"Masiku ano ukukhalitsa kwa anyamata kuja. Kutsuka msana umodzi kumatha ola lonse?"

"Ukamutengera kuchipatala sindidzapitakonso."

"Mumakambirana chiyani?"

"Za njoka."

Renzo anamuyang'anitsitsa. "Wakuuza chiyani?"

"Akanayenera kundiuza chiyani?"

"Taonani, Mama, ndinakwatira wapolisi osadziwa! Mawa atiika maunyolo tonse."

A Assunta anamuwonjezera Renzo nyama m'mbale. "Mkazi wanzeru sakumba pansi pa nyumba yomwe akugonamo," anatero. "Madenga saululana kudontha."

"Denga likamadonthera munthu wodwala, Mama, anthu amalifolera."

Kuyambira tsiku limenelo, Coralie akamapita ndi beseni lake, nsalu ya pazenera la khitchini inkagwedezeka. Tsiku lina anapeza mbale za alendo zitasunthidwa. Wofufuzayo kapu ija akanaipeza, koma Coralie anali ataichotsa kale, timachaka n'kutimanga m'kampango pansi pa chikwama chake. Asanatimange anatithira m'dzanja n'kutiyang'ana padzuwa. Tonse tinali tobulungira bwinobwino. Anadzifunsa: kanthu kofewa ngati mtovu kangamenye simenti n'kukhalabe kobulungira?

Sabata yachitatu Kalsau anabwerera kumunda, chifukwa Renzo anati munthu wongogona amachedwa kuchira. Anasenza mikoko masiku awiri. Tsiku lachitatu Coralie anamupeza ali gone, akunjenjemera ngakhale kunja kunkatentha ngati ng'anjo. M'munsi mwa phewa lamanja munali chotupa chachikulu ngati dzira la bakha, cholimba, chotentha, ndipo kamzere kofiira kanali katayamba kulowera kukhwapa.

"Uyu akufunika dokotala lero," anauza Renzo pafupi ndi thalakitala.

"Mupatse mapiritsi anatsala aja a Mama. Ine ndikupita kutauni kukatenga lamba wa pampu. Tikambirana ndikabwera."

Galimoto itazimiririka pakona ya munda, Coralie analowa kuchipinda. Kiyi wa kabati ya mfuti ankakhala m'nsapato yakale ya ukwati, ndipo Renzo ankaganiza kuti amadziwa yekha. Anatulutsa volovolo ndi kabokosi ka zipolopolo za mbalame, zija zokhala ndi kachipewa ka pulasitiki kabuluu kumutu, timachaka tikuonekera mkati. Mfuti sankaikonda, koma mkazi wa pamunda wa nthochi sangakhale zaka zonsezi osaphunzira kuigwira.

Mushedi munalibe munthu. Anatenga makatoni opanda kanthu n'kuwatambasula, n'kuwakhomerera pa phaleti ya matabwa yoimika mpaka anafika msinkhu wa Kalsau. Anatseka m'makutu ndi thonje.

Poyamba anachita monga Renzo ananenera. Anaima masitepe awiri, n'kuloza pasimenti, patsinde pa katoni, pomwe pakanakhala chidendene cha munthu. Mfuti inalira, njiwa za padenga zinabalalika. Fumbi litatha anagwada. Pasimenti panali chipsera chotuwa chachikulu ngati chikhatho. Katoni inali itabooka apo ndi apo m'munsi mwenimweni, osapitirira bondo. Kumtunda konse kunali bwinobwino. Anatola timachaka tomwe tinagwa. Tinali taphwatalala ngati mamba a nsomba.

Anabwerezanso kawiri, kuopa kumunamizira munthu. Zinali chimodzimodzi.

Kenaka anakhoma makatoni atsopano, n'kuloza pakati penipeni, pa msinkhu wa msana. Pa masitepe awiri timachaka tinalowa pamodzi n'kung'amba dzenje. Pa masitepe asanu tinamwazika ngati mbale yaikulu. Anabwerera m'mbuyo mpaka masitepe khumi, anafika pamene pamaima tebulo la Renzo lolemberapo makatoni, ndipo anawombera.

Sanafunike kuyandikira kwambiri. Timabowo tinayambira kumtunda kumanzere, kutsika, kuzungulira m'munsi, n'kukweranso mbali inayo. Pakati panatsala malo osalala aakulu ngati mbale. Mpope wa volovolo umapota chipolopolo, ndipo timachaka tikapotedwa timathawa pakati n'kupanga nkhata. Msana umene anakhala akuutsuka masabata atatu unali pakatonipo.

"Wakhutira?"

A Assunta anali ataima pakhomo la shedi, epuloni ili m'chiuno. Nkhope yawo sinaonetse kudabwa, ndipo chimenecho n'chimene chinamubaya Coralie kuposa timabowo tija.

"Mumadziwa, Mama."

"Ndinabereka mwana mmodzi. Ndimadziwa akamanama, ndimadziwanso pamene ndiyenera kutseka pakamwa. Bwezera mfutiyo pomwe waitenga, makatoniwo tiwotche. Iweyo ndi ine tikakande ufa."

Coralie anachotsa zipolopolo, n'kukabwezera mfuti m'kabati n'kukhoma. Kiyi anamuika m'thumba mwake. Makatoni sanawotche. Anawanyamula n'kukawayala patebulo lodyera, imodzi ya pansi, ina ya masitepe khumi, ndipo pambali anaika timilu tiwiri ta timachaka, tophwatalala ndi tobulungira.

Renzo anafika dzuwa lili paliwombo, lamba wa pampu ali paphewa. Anayang'ana patebulo nthawi yaitali.

"Wagwira mfuti yanga."

"Iyi ndi ya njoka yako," anatero Coralie, akuloza. "Iyi ndi ya munthu amene wafulatira, akuchoka, ali masitepe khumi. Iwe unali utaima patebulo lako. Ndiuze kuti ndikunama."

"Makatoni! Ukundiweruza ndi makatoni?"

"Ndiuze kuti ndikunama, Renzo. Ndikupempha. Masabata atatu ndakhala ndikufuna kuti ndikhale wolakwa ndine."

Renzo anaponya lamba pansi. Khosi lake linafiira.

"Namondwe akubwera, nthochi za chaka chonse zili m'munda, ine ndikumupempha ngati mwana kuti aitane anzake tidule. Iye akuti chiyani? 'Lero ndi Sabata, bwana.' Ndikulankhula, iye n'kutembenuka, n'kumapita! Pamunda panga! Anzake onse akuonerera pakhomo. Ukanafuna nditani, ndimuwombere m'manja?"

"Ndiye unamuwombera ndi mfuti."

"Ndi zipolopolo za mbalame! Pa mtunda umenewo sizipha ngakhale nkhuku. Zimangoluma ngati njuchi. Ndikanafuna kumupweteka ndikanaikamo zenizeni, zili m'kabati momwemo. Ndinkangofuna adziwe kuti pano pali mwini wake."

"Bambo ako ankawombera ndi mchere ana akuba mango," a Assunta anathirirapo, "ndipo palibe anafa. Ena mwa iwo lero ndi aphunzitsi."

"Njuchi yakoyo yamuika munthu pabedi, kamzere kakulowera kumtima," anatero Coralie. "Bwera nawo makiyi a galimoto."

"Ukatuluka naye pachipata paja, usaganize kuti wapulumutsa munthu. Apolisi akabwera, munda uno autsekera antchito. Onse asanu ndi anayi akwera ndege, ndipo chaka chamawa palibe adzawaitane. Kawafunse ngati akufuna chilungamo chakocho. Ndipo iweyo, ukabwerako udzagona kuti?"

Makiyi sanapereke. Coralie anatenga a kagalimoto kakale ka a Assunta, omwe ankapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Mayiwo anamugwira mkono, zala zili ndi ufa.

"Ndakutenga ngati mwana wanga zaka zonsezi."

"Inde, Mama. N'chifukwa chake zikundiwawa."

Kunyumba ya malata anapeza Kalsau ali maso, milomo itauma. Atamva kuti akupita kuchipatala anayesa kudzuka kuti akane, koma mkono unamukanika.

"Adona, mwaona chiyani?"

"Ndaona kuti kunalibe njoka."

Kalsau anatseka maso. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mukaphwanya mkhatewo, tonse timwera pati? Mapepala athu amatimangirira pamunda uno. Anyamatawa ndinawatenga ndine kumudzi, makolo awo anandipatsa m'manja. Wina akumanga nyumba, wina mkazi wake ali ndi pakati. Ine msana wanga ndaupereka kale, musauwonongenso."

"Mukafa, ndikawauza chiyani ana anu anayi?"

"Ndipita kuchipatala. Koma kumeneko ndikanena za njoka, inu mukakhale chete. Ndilonjezeni."

Coralie anamuveka malaya mosamala, dzanja lodwala poyamba. Anamukoleka paphewa lake mpaka kugalimoto.

"Sindilonjeza zomwe sindikudziwa," anatero.

Ulendo wa kutauni unali wa mphindi makumi anayi, pakati pa minda ya nthochi ndi nzimbe. Kalsau anakhala chowerama, mutu utatsamira kutsogolo kuti msana usakhudze mpando. Coralie ankayendetsa akuwerenga m'mutu mwake anthu amene mawu ake akanawagwetsa: amuna asanu ndi atatu omwe anali asanamulakwire, mayi wokalamba amene anamuphunzitsa kuphika, mwamuna amene anagona pampando sabata yathunthu. Mbali inayo kunali chinthu chimodzi chokha. Chaka chamawa kudzabwera antchito ena, Loweruka lidzafikanso, ndipo wina adzafulatira.

Kuchipatala namwino, mayi wa tsitsi la imvi, anadula malaya ndi lumo. Anayang'ana chotupa, kenaka timabala tozungulira tija. Anaitana dokotala kuti abwere msanga, n'kumuika Kalsau botolo la madzi pamkono. Atatero anatenga pepala ndi cholembera.

"Bambo, ili ndi bala la mfuti. Chinachitika n'chiyani?"

"Njoka, mayi," anayankha Kalsau ndi mawu otsika. "Bwana ankandipulumutsa. Timachaka tinadumpha pasimenti."

Namwino sanalembe. Anayang'ananso msanawo, kenaka anatembenukira kwa Coralie.

"Inu munalipo?"

"Ayi."

"Ndiye ndilembe zomwe anena bambowa?"

Kalsau anatembenuza mutu pamtsamiro n'kumuyang'ana. Maso ake ankachonderera. Coralie anatsegula chikwama, anamasula kampango, n'kuthira timachaka m'kambale ka chitsulo ka namwino. Tinalira ngati mvula yoyamba padenga.

"Ndinatizula ndine pamsanapo. Tikanamenya simenti tikanaphwatalala. Kunalibe njoka. Anawomberedwa atafulatira, chifukwa chokana kugwira ntchito tsiku lawo lopemphera. Wowomberayo wavomera pamaso panga lero lino." Anatseka chikwama. "Ndipo mulembenso kuti bambowa ndi anzawo asanu ndi atatu sanalakwe chilichonse. Akufunika munda wina, osati ndege. Ndikanena zomwezi kulikonse kumene mungandiitane."

Kalsau anatembenukira kukhoma. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo Coralie sanadziwe ngati kunali kunjenjemera kwa matenda kapena mkwiyo. Sanayerekeze kumugwira.

Namwino analemba kwa kanthawi, kenaka anakweza maso.

"Dzina la wowomberayo?"

"Renzo Pavan."

"Nanga lanu, mayi?"

"Coralie," anatero, ndipo anadikira kuti cholembera chiime. "Pavan."